Yankho kwa mayi ofunsa za mahampu pasukulu

Mayi, pepani kwambiri ndi ngozi ya mwana uja, Mulungu amuchize msanga. Mwafunsa ngati boma lili ndi ndalama zomwe makolo angapemphe kuti pasukulu panu paikidwe mahampu ndi malo owolokera ana, komanso kuti muyambire pati. Ndinakhalapo mlembi wa komiti ya sukulu kwathu, ndipo nkhani ngati yomweyi inatidyera zaka ziwiri, makamaka chifukwa tinkagogoda pa khomo lolakwika.

Ndalama zilipo ndithu, koma sizibwera m'manja mwa komiti. Zimapita kwa amene amayang'anira msewuwo, ndiye choyamba dziwani kuti msewu wanuwo ndi wa ndani. Misewu ikuluikulu, monga M1 kapena M5 ya kunyanja ija, komanso yotsatira pa ukulu, yomwe manambala ake amayamba ndi S kapena T, ili m'manja mwa Roads Authority. Misewu ing'onoing'ono ya m'maboma ndi ya m'mizinda imayang'aniridwa ndi khonsolo. Ife tinalemba makalata atatu kupita ku ofesi yomwe inalibe mphamvu iliyonse pa msewu wathu, ndipo palibe anatiuza kuti tasochera. Tinangodikira, miyezi n'kumapita.

Ngati ndi msewu waukulu, ndalama zake zimachokera ku Roads Fund Administration. Bungweli ndi Roads Authority anakhazikitsidwa ndi malamulo a mu 2006: lina limatolera ndi kusunga ndalama, linalo limagwira ntchito. Ndalamazo ndi zathu zomwe. Pa lita iliyonse ya petulo ndi dizilo pali msonkho wa misewu, ndipo pali zipata zolipiritsa za pa Chingeni, chomwe chinayamba mu 2021, ndi pa Kalinyeke ku Dedza, cha mu 2022. Aliyense wokwera minibasi amalipira nawo kudzera m'mtengo wa ulendo. Choncho polemba kalata musachite manyazi ngati mukupemphetsa.

Ngati ndi msewu wa khonsolo, njira yake ndi ya chitukuko cha m'madera. Nkhani iyambire ku VDC (komiti ya chitukuko ya m'mudzi), ipite ku ADC (komiti ya chitukuko ya dera la mfumu yaikulu), kenako ku khonsolo kudzera mwa khansala wanu. Kumeneko kwakhala kuli mathumba angapo a chitukuko: CDF ya dera la phungu, DDF ya dera lonse la khonsolo, ndiponso ndalama za pulojekiti ya GESD zochokera ku World Bank zomwe makhonsolo a m'maboma akhala akulandira malinga ndi momwe agwirira ntchito. Vuto ndi lakuti mahampu amapikisana ndi mijigo, midadada ya sukulu ndi milatho. Pa msonkhano wa ADC aliyense amabwera ndi kulira kwake, ndipo wopanda umboni amabwerera chimanjamanja.

Apa ndi pomwe ndikufuna mulimbikire, chifukwa ndi pomwe zinthu zinatembenukira kwa ife. Pitani kwa apolisi apamsewu mukapemphe chiwerengero cha ngozi zomwe zinalembedwa pamalopo. Aphunzitsi aakulu akupatseni chiwerengero cha ana omwe amawoloka msewu tsiku lililonse. Makolo awiri aime pamsewu m'mawa ndi masana kwa sabata imodzi, alembe galimoto zodutsa, mathiraki, njinga zamoto za kabaza, ajambulenso zithunzi pa foni nthawi yoweruka. Ngozi zazing'ono zomwe anthu anangokambirana pamudzi osafika ku polisi, zilembeninso ndi masiku ake. Kalatayo isainidwe ndi amfumu, aphunzitsi aakulu, wapampando wa komiti ndi khansala. Mukapereka, uzani mlembi wa mu ofesi adinde pa kope lanu. Kope lodindidwa ndi lomwe mudzaonetse akadzati sanalandire kanthu.

Chinanso, samalani ndi zomwe mukupempha. Mukangoti "tithandizeni", adzabwera ndi chitini cha penti, ajambule mizere yoyera, aimike chikwangwani, nkhani yatha. Mvula ziwiri zokha penti ija yafufutika, ndipo chikwangwani mwina anthu osaganiza azula kukapangira mbaula. Chimene chimapha mwana ndi liwiro. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO limanena kuti pamene galimoto zimasakanikirana ndi anthu oyenda pansi, liwiro lisapitirire makilomita 30 pa ola, ndipo limatinso ngozi zapamsewu ndizo zikupha kwambiri ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29 pa dziko lonse. Dalaivala wa minibasi wothamangira okwera saopa penti, amaopa chomwe chingamuthyolere galimoto. Ndiye lembani momveka: mahampu mbali zonse ziwiri za sukulu, timizere togwedeza galimoto isanafike pa hampu, zikwangwani zochenjeza, malo owolokera okwezedwa, ndi kanjira ka oyenda pansi m'mbali mwa msewu. Ngati geti la sukulu likuloza kumsewu, ganiziraninso zolisunthira kumbali. Ichi chokha komiti ingathe ndi ndalama zake.

Nthawi nayo ndi yofunika. Chaka cha boma cha zachuma chimayamba pa 1 Epulo, ndipo bajeti amaikonza miyezi ingapo tsikulo lisanafike. Kalata yofika mu Meyi nthawi zambiri imadikira chaka chinacho. Yesetsani kuti pempho lanu likhale litalowa chaka cha pa kalendala chisanathe, ndipo muzifunsa khansala ngati lalembedwa m'ndondomeko ya chitukuko ya khonsolo. Mkulu woona za zomangamanga ku khonsolo ndi munthu woyenera kumudziwa nkhope, ngakhale msewu utakhala wa Roads Authority, chifukwa kalata yodzera kwa iye ndi kwa bwanamkubwa imalemera kuposa ya makolo okha.

Ndaona ena m'gulu muno akuti ingounjikani dothi ndi miyala usiku. Ndikumvetsa mkwiyowo, nanenso unandigwirapo, koma chonde ayi. Hampu yopanda chikwangwani imagwetsa wa kabaza ndi mayi amene wamunyamula, ndipo mlandu udzakhala wanu.

Podikira, gawanani masiku. Makolo awiri ovala zowala, mbendera yofiira m'manja, aziwolotsa ana m'magulu nthawi yolowa ndi yoweruka, ndipo pemphani apolisi abwere adzawaphunzitse kaimidwe kake. Tiuzeni kuti msewu wanu ndi uti, ndikuthandizani kulemba kalatayo.