Akuti amwaza zithunzi ndi macheza anu a pa WhatsApp: yankho kwa mayi wa ku Senga Bay

Mayi, uthenga wanu ndaulandira, ndipo dzina lanu sinditchula. Mwalemba kuti mumapeza ndalama pogona ndi amuna ku Senga Bay, ndipo makasitomala ambiri mumapangana nawo pa WhatsApp. Mmodzi mwa iwo, bambo amene amabwera kunyanja kumathero a sabata kuchokera ku Lilongwe, anasunga zithunzi zimene munamutumizira pamodzi ndi macheza anu onse. Tsopano akuti mukapanda kumubwezera ndalama zimene wakhala akukulipirani, aziponya m'magulu a WhatsApp a ku Salima ndiponso kwa abale anu kumudzi, popeza dzina lanu lenileni analiona pa uthenga wa Airtel Money. Mukufunsa ngati apolisi sakakumangani inuyo mukapita kukadandaula, komanso zimene mungachite kuti zoterezi zisadzachitikenso.

Ndiyambe ndi mantha anuwo, chifukwa bamboyo akudalira manthawo kuposa zithunzi. Mu Penal Code, buku la malamulo a milandu, mulibe gawo lonena kuti mkazi wamkulu amene wagona ndi mwamuna wamkulu mogwirizana n'kulandira ndalama wapalamula. Kwa zaka zambiri amayi ankamangidwa pa gawo 146, lonena za kudya ndalama zochokera ku uhule. Mu 2016 amayi 19 anamangidwa ku Dedza n'kulipitsidwa chindapusa pa gawo limeneli, koma Justice Zione Ntaba wa ku Khoti Lalikulu ku Zomba anafafaniza chigamulocho. Iye anafotokoza kuti gawoli linalembedwa kuti ligwire anthu odyera masuku pamutu amayi ngati inu, osati mwini thupi amene akudya thukuta lake. Mu 2017 Khoti Lalikulu linathetsanso gawo 184(1)(c), lija la vakabu. Zimene zikadali milandu ndi monga kukopa amuna poyera pagulu, kuyendetsa nyumba yochitiramo uhule, ndi kulowetsa mwana wosakwana zaka 18 m'ntchito imeneyi. Kupangana ndi munthu wamkulu pafoni yanu, awiriwiri, ine sindikuona kuti kungalowe m'gulu limeneli.

Gawo 21 la Malamulo Aakulu a dziko lino limati munthu aliyense ali ndi ufulu wosunga chinsinsi chake, ndipo limatchula mwachindunji makalata ndi mauthenga a pa lamya. Silifunsa ntchito imene munthu amagwira. Makhoti anaonetsa kale kuti ufuluwu ndi wanunso: amayi 11 a ku Mwanza amene anayezedwa HIV mokakamizidwa mu 2009, zotsatira zawo n'kuwerengedwa poyera m'khoti, anapambana mlandu ku Khoti Lalikulu ku Blantyre mu 2015. Khoti linati ufulu wawo wa chinsinsi ndi ulemu wawo zinaphwanyidwa.

Wapalamula apa ndi bamboyo. Kufuna ndalama mwa kuopseza munthu ndi mlandu mu Penal Code, ndipo kuti analemba yekha zoopsezazo kwamuipira iye mwini. Pali lamulo linanso la 2016, Electronic Transactions and Cyber Security Act. Gawo 86 limaletsa kuzunza ndi kuopseza munthu kudzera pa foni kapena kompyuta, gawo 87 limaletsa kumutumizira munthu mauthenga mobwerezabwereza ndi cholinga chomusowetsa mtendere kapena kumulanda chinsinsi, ndipo gawo 88 limakamba za kumulondalonda munthu ndi ziopsezo pa intaneti. Onsewa ali ndi chilango cha chindapusa ndi ndende. Musadikire kuti azimwaze kaye zithunzizo. Kuopsezako pakokha n'kokwanira kukatsegulitsa mlandu.

Apa ndiye pamene amayi ambiri amadzipweteka okha. Mtima ukawawa, munthu amafufuta macheza onse, n'kumuchita block wozunzayo, mwinanso kutaya SIM. Musatero. Lamulo lomweli la 2016 limalola mauthenga a pafoni kukhala umboni m'khoti, ndipo macheza amene mukuchita nawo manyaziwo ndiwo akakuimireni. Jambulani screenshot uthenga uliwonse woopseza, moti nambala yake, tsiku ndi nthawi zioneke bwino. Ngati munamusunga ndi dzina longopeka, tsegulani pamene pamaoneka nambala yeniyeniyo mujambulenso. Mawu amene anatumiza pa voice note asungeni. Mauthenga a Airtel Money kapena TNM Mpamba musawafufute, chifukwa ali ndi dzina lake ndi nambala ya malipiro, ndipo kuyambira 2018 SIM iliyonse imalembetsedwa ndi chiphaso. Zonsezi zisungeninso pamalo ena, kuti foni ikatayika umboni usatayike nayo.

Ndalama musamupatse, ngakhale pang'ono. Zithunzizo zikhalabe m'foni mwake, ndipo mwezi wamawa adzafunanso zina. Musamubwezerenso chiopsezo chakuti mukaulula kwa akazi ake kapena kuntchito kwake. Ndikudziwa kuti chida chimenechi chili m'manja mwanu ndipo mtima ukukuuzani kuti muchigwiritse ntchito, koma malamulo amene akukutetezaniwa amatetezanso kasitomala. Mukatero, mlandu woyera usanduka mkangano wa anthu awiri oopsezana, ndipo inunso mukhoza kuimbidwa mlandu womwewo.

Kupolisi kafunseni ofesi ya Victim Support Unit, ndipo musapite nokha. Tengani mnzanu wodalirika kapena wothandiza anthu pa zamalamulo wochokera kubungwe loona za ufulu wa anthu. Sitetimenti yanu ikhale pa zimene bamboyo wachita: anati chiyani, liti, pa nambala iti, akufuna zingati. Musananenepo kuti mwavomereza n'kusaina, iwerengeni kapena akuwerengereni m'Chichewa. Lembani dzina la wapolisi amene akufufuza ndi nambala ya dandaulo lanu.

Za foni muzisamale kwambiri, chifukwa m'menemo muli chinsinsi cha anthu enanso amene sanakulakwireni. Ndi bwino kupita ndi mapepala osindikizidwa a macheza a bamboyo, n'kuonetsa pafoni macheza okhawo. Akafuna kuisunga foniyo ngati umboni, pemphani kuti alembe papepala mtundu wake, tsiku ndi dzina la woitenga, akupatseni. Tsiku lina mukadzakumana ndi chipikisheni n'kuuzidwa kuti mutsegule foni, funsani mwaulemu ngati ali ndi chikalata cha khoti. Musalimbane nawo ndi manja, koma nenani momveka, pamaso pa mboni, kuti simukuvomereza. Mukamangidwa, gawo 42 la Malamulo Aakulu limakupatsani ufulu wouzidwa chifukwa chake, wokhala chete, woonana ndi loya, ndi wotengeredwa kukhoti pasanathe maola 48. Belo ya kupolisi ndi yaulere. Wapolisi akakunyozani, akakana kulemba dandaulo lanu, kapena akapempha ndalama kapena thupi lanu, kadandauleni kwa mkulu wa siteshoniyo, ku Independent Complaints Commission imene imamva madandaulo okhudza apolisi, kapena ku Malawi Human Rights Commission.

Njira ina ndi kukapempha chiletso ku Khoti Lalikulu ku Lilongwe chomuletsa kugawa zithunzizo, komanso chipepeso ngati wagawa kale. Imeneyi imafuna loya, ndipo ngati mulibe ndalama a Legal Aid Bureau alipo chifukwa cha anthu ngati inu.

Tsopano za m'tsogolo. WhatsApp imatseka mauthenga moti kampani ya foni singawawerenge ali m'njira, pamene SMS wamba ilibe chitetezo chotere. Koma loko ameneyu amathera pafoni ya wolandira. Uthenga ukafika, mwini foniyo akhoza kuusunga ndi kuugawa, ndipo ngakhale chithunzi choonedwa kamodzi kokha akhoza kuchijambula ndi foni ina. Choncho chithunzi chosonyeza nkhope yanu, chipsera chodziwika, kapena chipinda chimene anthu a ku Senga Bay angachizindikire, chisachoke m'foni mwanu. Dziwaninso kuti kugulitsa kapena kugawa zithunzi zolaula ndi nkhani ina, imene gawo 179 la Penal Code limaletsa, ndipo pamenepo lamulo likhoza kukukhudzani inunso.

Nambala ya ntchito ikhale ina, ya abale ina, ndipo pa ya ntchitoyo musaike chithunzi cha mwana wanu kapena cha pakhomo. Komabe dzina la ntchito silibisa kanthu ngati malipiro akudzera pa mpamba wa pafoni, monga mwaonera kale. Kasitomala amene simunamudziwe bwino alipire pamanja. Ikani nambala yachinsinsi pafoni, tsegulani two-step verification pa WhatsApp (nambala ina yachinsinsi yoteteza kuti wina asalande WhatsApp yanu), ndipo nthawi ndi nthawi muziona pa Linked devices ngati wina sanalumikize WhatsApp yanu ku kompyuta yake. Foni yosatseka musaisiye kotchajitsa kapena kwa okonza mafoni pa Kamuzu Road, ndipo khadi yosungira zithunzi muzichotsa musanaipereke.

Mauthenga odzifufuta okha pakatha maola 24, masiku 7 kapena masiku 90 amathandiza kuti foni ikagwa m'manja mwa wina asapeze mbiri yanu yonse. Koma amafufutanso umboni. Ine ndingakulangizeni kuti muziwatsegula kwa makasitomala odekha, koma munthu akangoyamba mwano, kukana mtengo umene munagwirizana, kapena kuopseza, muzimitse pomwepo n'kuyamba kusunga. Ndipo musanapite kokakumana ndi munthu wachilendo, mnzanu mmodzi azidziwa nambala yake, malo ogonawo ndi nthawi imene mukuyembekezera kubwerako.

Bamboyo muyankheni kamodzi kokha, mwaulemu, polemba osati poimba: kuti simukumulola kupatsa wina aliyense zithunzi kapena macheza anu, kuti ndalama simupereka, ndipo asakulembereninso. Uthenga umenewu nawonso muujambule. Akalembanso musayankhe, ingowonjezerani pa mapepala amene mukupita nawo kupolisi.