Phokoso la injini poliza njinga m'mawa

Achimwene, mwati njinga yanu mukailiza m'mawa ikumalira tiki-tiki-tiki ndipo mukuopa kuti injini yatha. Musathamangire kuimasula. Mvetserani kaye: phokosolo likuyamba liti, likuchokera pati, nanga injini ikatentha likutha?

Ngati likumveka mukangodina sitata injini isanazungulire, yang'anani batire ndi mawaya ake. Batire yodzaza imawerenga pafupifupi 12.6 V, ndipo ikamatsika kufika pansi pa 10 V mukamadina sitata, yatopa.

Koma inu mwati injini imalira, ndiye ine ndikukayikira kumtunda, kumene kuli mavavu (tizitseko tolowetsa ndi kutulutsa mpweya mu injini). Usiku oyilo amatsikira pansi, choncho m'mawa amatenga masekondi angapo kuti akwere. Phokoso likamatha msanga, palibe choopsa. Ingoimikani njinga chilili pamalo osapendekeka muone ngati oyilo ali wokwanira, ndipo musamakoke moto injini ikadali yozizira. Phokoso likamapitirira ngakhale injini yatentha, matapeti (tizitsulo tokankha mavavu kuti atseguke) atakasuka. Pa njinga zing'onozing'ono mpata wa tapeti ndi vavu umakhala pakati pa 0.05 ndi 0.10 mm, koma tsatirani buku la njinga yanuyo, ndipo amayeza ndi feeler gauge (tizitsulo topyapyala toyezera mpata) injini itazizira. Apa ndikuchenjezeni kwambiri: musalole makaniko amange matapeti mpaka injini ikhale zii. Vavu yothina sitseka bwino, imapsa, njinga n'kuyamba kuvuta kulira. Katiki-tiki kakang'ono n'kabwino kusiyana ndi vavu yopsa.

Kweche-kweche wochokera m'mbali mwa silinda nthawi zambiri ndi tcheni cha timing (choyendetsa mavavu) kapena tensioner yake (kachitsulo kochikunga). Chimenecho musachichedwetse, chifukwa tcheni chikalumpha mano, pisitoni imatha kumenya mavavu. Onaninso pamene paipi ya ekizozi imalumikizana ndi injini. Mukapezapo mwaye, gasiketi ikutulutsa mpweya, ndipo phokoso lake limachepa zitsulo zikatentha.

Kuti mudziwe kochokera, tengani sikuludiraiva yaitali, nsonga igunde pa injini, chogwirira chikhale pakhutu, muzisuntha pang'onopang'ono. Samalani ndi ekizozi yotentha.

Chondidetsa nkhawa ndi gu-gu-gu wolemera wochokera pansi, amene amakula mukakoka moto. Ameneyo amakhala bering'i ya crankshaft (chitsulo chimene pisitoni imazunguza). Zimitsani pomwepo, mukhuthule oyilo m'chotengera choyera. Mukaona tizidutswa tonyezimira, njingayo isayendenso mpaka makaniko aitsegule.

Jambulani phokosolo mawa m'mawa, kenako mujambulenso injini itatentha, mutitumizire timve.