Mafunso a Owerenga: Kusanja Maina a Manambala Motsatira Alifabeti

FUNSO: Ndine mphunzitsi wa zinenero, ndipo ndakhala ndikukonza tebulo la maina a manambala kuyambira 1 mpaka 10 m'zinenero zingapo kuti ophunzira anga aone mmene mitundu ina ya anthu imawerengera. Nditalamula kompyuta kuti isanje mawuwo motsatira alifabeti, chinenero chilichonse chinatuluka ndi ndondomeko yakeyake, ndipo mnzanga wodziwa Chitcheki anandiuza kuti mndandanda wa chinenerocho walakwika. Pa Chichewa ndiye ndagwira njakata, pakuti sindikudziwa ngati ndilembe "awiri", "ziwiri" kapena "iwiri". Kodi pali njira imodzi yolondola yosanjira mawuwa? Ndine wanu, Mphunzitsi wa sekondale.

YANKHO: Aphunzitsi, njira imodzi yokwanira zinenero zonse palibe, ndipo chifukwa chake n'chakuti ndondomeko ya alifabeti siichokera mu nambala, koma m'dzina limene chinenero chinapatsa nambalayo ndiponso m'dongosolo limene eni chinenerocho anagwirizana posanja zilembo zawo. Nambala 8 imakhala pakati pa 7 ndi 9 kulikonse padziko lapansi, koma dzina lake limakakhala pamene chilembo chake choyamba chalitengera.

Nambala yomweyi ya 8 ndi imene imaonetsa nkhaniyi bwino koposa. Mu Chingerezi mndandanda wanu uyenera kutuluka motere: eight, five, four, nine, one, seven, six, ten, three, two, kutanthauza kuti 8 ndiye amatsogola ndipo 2 amatsekera. Mu Chijeremani 8 amatsogolanso, pakuti dzina lake ndi acht, ndipo zwei, yemwe ndi 2, amakhalanso kumapeto. Koma mu Chiswidishi, chomwe ndi chinenero chachibale cha ziwirizi, 8 ndi åtta, ndipo mawu amenewa amakhala omaliza enieni pambuyo pa tio, tre ndi två. Munthu wosadziwa angaone ngati å ndi a wovala kamphete pamutu, nkumuika koyambirira kwa mndandanda, koma kwa anthu a ku Sweden chimenechi ndi chilembo choima pachokha, ndipo alifabeti yawo ikafika pa z imapitirira ndi å, ä ndi ö. Chifalansa chimayamba ndi cinq, yemwe ndi 5, n'kutsiriza ndi un, yemwe ndi 1, pamene Chiswahili chimayenda motere: kumi, mbili, moja, nane, nne, saba, sita, tano, tatu, tisa. Choncho kusiyana kumene mwakuona pakati pa zinenerozi musadere nako nkhawa, pakuti ndi mmene ziyenera kukhalira.

Koma mnzanu wodziwa Chitcheki uja akunena zoona, ndipo apa vuto ndi la makina. Mu Chitcheki 4 ndi čtyři, 6 ndi šest, 7 ndi sedm. Chilembo č chimabwera pambuyo pa c, ndipo š chimabwera pambuyo pa s, kotero kuti mndandanda wolondola ndi čtyři, deset, devět, dva, jedna, osm, pět, sedm, šest, tři. Kompyuta payokha siidziwa zimenezi. Chilembo chilichonse chili ndi nambala yake mu dongosolo lotchedwa Unicode, mmene A wamkulu ndi 65, a wamng'ono ndi 97, z wamng'ono ndi 122, ndipo zilembo zokhala ndi tizizindikiro pamwamba zinapatsidwa manambala oposa pamenepo. Pulogalamu imene imangoyerekeza manambala amenewa imakankhira čtyři ndi šest kumapeto, pambuyo pa tři, ndipo ndikukhulupirira kuti n'zimene zinachitika pa tebulo lanu. Akatswiri anakonza malamulo osanjira mawu otchedwa Unicode Collation Algorithm, amene amatha kusinthidwa kuti agwirizane ndi chinenero chilichonse, koma malamulowo amathandiza pokhapokha pulogalamu yauzidwa chinenero cha mawu amene ikusanja. Popeza pulogalamu nthawi zambiri imatsatira chinenero chimodzi pa nthawi imodzi, tebulo losakaniza zinenero silingatuluke lolondola mbali zonse mwa kulamula kamodzi kokha, ndipo pa mawu khumi okha n'kwapafupi kusanja chinenero chilichonse pamanja kusiyana ndi kulimbana ndi makinawo.

Tsopano tibwere ku Chichewa, kumene kwagona nkhani yaikulu. Mu Chingerezi two ndi two basi, kaya mukuwerenga anthu kaya mitengo, koma mwa ife nambala imavala mgwirizanitsi wa dzina limene ikuwerenga: anthu awiri, mitengo iwiri, zinthu ziwiri, timbalame tiwiri. Chilembo choyamba, chimene alifabeti imayang'ana, ndi chimenenso chimasinthasintha. Tayesani kuwerenga anthu n'kusanja mawuwo, mupeza anayi, asanu, asanu ndi anayi, asanu ndi atatu, asanu ndi awiri, asanu ndi mmodzi, atatu, awiri, khumi, mmodzi. Tsopano werengani zinthu, mupeza chimodzi, khumi, zinayi, zisanu, zisanu ndi chimodzi, zisanu ndi zinayi, zisanu ndi zitatu, zisanu ndi ziwiri, zitatu, ziwiri. Nambala 1, imene inali yomaliza powerenga anthu, yakhala yoyamba powerenga zinthu, ndipo 6, amene anali kumbuyo kwa 9, 8 ndi 7, wawadumpha onse atatu. Chinenero ndi chimodzi, manambala ndi omwewo, koma mindandanda yatuluka iwiri, ndipo palibe wolakwika.

Ine ndingakulangizeni kuti musanje potsatira tsinde la mawu, monga mmene mabuku otanthauzira mawu a zinenero za Chibantu amakonda kuchitira, polemba kamzere kutsogolo kusonyeza kuti pamenepo pamabwera mgwirizanitsi: -modzi, -nayi, -sanu, -tatu, -wiri, ndipo khumi, amene ndi dzina loima palokha, amatsogola onsewa chifukwa cha k wake. Ubwino wa njirayi ndi wakuti ophunzira amaona ndi maso chimene chimakhala ndi chimene chimasintha, ndipo akaika mndandandawu pafupi ndi wa Chiswahili amazindikira msanga ubale wa -tatu ndi tatu, -sanu ndi tano, khumi ndi kumi. Adzaonanso pamene zinenero ziwirizi zinasiyanirana, pakuti Chiswahili chinabwereka sita, saba ndi tisa ku Chiarabu, pamene ife tikafika pa zisanu timayamba kuwonjezera, ndipo n'chifukwa chake 6, 7, 8 ndi 9 amaunjikana onse pansi pa -sanu. Ngati mukuona kuti masinde awavuta ophunzira aang'ono, sankhani gulu limodzi la maina, lilembeni pamwamba pa tebulo, ndipo musalisinthe mpaka kumapeto.

Pali tinthu tina tiwiri ta kalembedwe timene timaoneka tating'ono koma timasuntha mawu pa mndandanda. Ena amalemba mmodzi, ena m'modzi, ndipo pulogalamu yoyendera manambala a Unicode imaika kachizindikiro kowongoka ka pakati pa zilembo ziwirizo patsogolo pa zilembo zonse, kotero kuti m'modzi amakhala patsogolo pa makumi awiri pamene mmodzi amakhala kumbuyo kwake. Chimodzimodzinso ndi ŵ wa m'mabuku amene amalemba aŵiri: tsinde la -wiri limabwera zana asanafike, koma -ŵiri angakankhidwire kumbuyo kwa zana monga anachitira čtyři uja. Ndipo tisaiwale kuti ambiri a ife powerenga tsiku ndi tsiku timanena wani, thu, fili, folo, faifi, sikisi, seveni, eyiti, naini, teni. Mawu obwerekawa alibe mgwirizanitsi, choncho amasanjika mosavuta, eyiti kutsogolo ndi wani kumapeto, koma ayenera kukhala ndi mzere wawowawo pa tebulo, osawasakaniza ndi mawu akale aja.

Mukadzafuna kupitirira pa 10 mudzakumana ndi funso la mpata wa pakati pa mawu. Osanja ena amayenda mawu ndi mawu, ndipo kwa iwo eight hundred amabwera patsogolo pa eighteen chifukwa mawu oyamba, eight, athera pomwepo. Ena amayenda chilembo ndi chilembo osawerengera mpata, ndipo kwa iwo eighteen ndiye amatsogola, popeza e amabwera patsogolo pa h. Njira zonse ziwiri zimagwiritsidwa ntchito, ndipo chofunika n'kusankha imodzi. Kamangidwe ka manambala aakulu nako kamasiyana kwambiri. Mjeremani amanena einundzwanzig, ndiko kuti chimodzi ndi makumi awiri, kotero 21 amakakhala pa e pamene 20, zwanzig, ali kutali pa z. Ku France 80 ndi quatre-vingts, kapena kuti makumi awiri kanayi, ndipo amakhala pa q, koma m'madera ena a ku Switzerland olankhula Chifalansa chomwecho amanena huitante, amene amakhala pa h. Nakonso ku Belgium 90 ndi nonante, osati quatre-vingt-dix. Mu Chichewa manambala onse kuyambira 20 mpaka 99 amaunjikana pansi pa makumi, ndipo chikwi, chomwe ndi 1,000, chimakhala patsogolo pa chimodzi chifukwa k amabwera m asanafike.

Ngati pa tebulo lanu pali Chitchaina, dziwani kuti zilembo zake zilibe alifabeti. Anthu a ku China amasanja poyang'ana chigawo chachikulu cha chilembo ndi kuchuluka kwa timizere take, kapena potsatira Pinyin, njira yolembera katchulidwe kawo m'zilembo za Chilatini imene inavomerezedwa mu 1958. Powerenga timizere, 1, 2 ndi 3 ali ndi kamzere kamodzi, tiwiri ndi titatu, koma 7, 8, 9 ndi 10 nawonso ali ndi tiwiritiwiri, choncho amalowerera patsogolo pa 3. Mu Pinyin mndandanda umayamba ndi ba, yemwe ndi 8, n'kutsiriza ndi yi, yemwe ndi 1.

Pa ntchito imene mukufuna, yoti ophunzira ayerekeze zinenero, tebulo lalikulu liyenera kuyenda motsatira manambala enieni, 1 mpaka 10, kuti mzere uliwonse uonetse nambala imodzi m'zinenero zonse. Mindandanda ya alifabeti ikhale yapadera, umodzi pa chinenero chilichonse, ndipo mawu aliwonse akhale ndi nambala yake pambali. Onetsetsani kokha kuti kompyuta ikuona manambalawo ngati manambala, chifukwa ikawaona ngati mawu idzawasanja 1, 10, 2, 3, poyang'ana chizindikiro choyamba chokha.

FUNSO: Mwana wanga wandifunsa ngati pali chinenero chimene manambala ake amayenda motsatira alifabeti, ndipo ine ndasowa chomuyankha. Ndithandizeni. Ndine Mayi wa ana atatu.

YANKHO: Mayi, mwana wanuyo wafunsa funso lanzeru. M'zinenero zonse zimene tazitchula pamwambapa mulibe chimene maina ake a 1 mpaka 10 amayenda motero, chifukwa anthu anayamba kuwerenga ndi pakamwa kalekale asanayambe kulemba, ndipo amene anasanja zilembo sanali kuganiza za maina a manambala. Koma ilipo mitundu imene inatenga zilembo zenizenizo n'kuzisandutsa zizindikiro za manambala, ndipo kumeneko ndondomeko ziwirizi zimayendera pamodzi. Mu Chiheberi alefi amaimira 1, beti 2, gimeli 3, mpaka kufika pa yodi, chilembo chakhumi, amene amaimira 10. Kuchokera pamenepo amadumpha makumimakumi, kotero kuti kafi ndi 20 ndipo kofi ndi 100. Agiriki anachita chimodzimodzi: alefa ndi 1, beta ndi 2, gama ndi 3, delita ndi 4. Pofuna kuti zizindikiro zikwane anasunga zilembo zitatu zakale zimene sizili mu alifabeti yawo ya zilembo 24, ndipo chimodzi mwa izo chimaimira 6, n'chifukwa chake yota amaimira 10 ngakhale kuti pa alifabeti ya masiku ano ali pa malo achisanu ndi chinayi.

Manambala a Chiroma, amene mwana wanu amawaona pa mawotchi ena ndi pa mitu ya m'mabuku, nawonso ndi zilembo, koma satsatira alifabeti, ndipo mukawasanja ngati mawu amatuluka I, II, III, IV, IX, V, VI, VII, VIII, X, pamene 9 wakhala patsogolo pa 5. Mukafuna kumupatsa ntchito yoti asangalale nayo, muuzeni afufuze maina a manambala amene zilembo za m'kati mwake zimayenda motsatira alifabeti. Mu Chingerezi adzapeza dzina limodzi lokha, forty, pamene one amayenda chobwerera m'mbuyo. Mu Chifalansa adzapeza angapo, monga deux, cinq, dix ndi cent. Kenaka ayese masinde athu a Chichewa, -modzi, -wiri, -tatu, -nayi ndi -sanu, akulemba alifabeti pamwamba pa pepala ndi kuloza chilembo chilichonse ndi chala.