Hobie 16, Formula 18 kapena boti louluka? Yankho kwa achimwene a ku Bvumbwe

Talandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Bvumbwe, konkuno ku Thyolo. Iwo ndi mng'ono wawo anaphunzira kuyendetsa boti la matanga ku Mangochi, awiriwo pamodzi amalemera makilogalamu 150, ndipo akufuna kugula catamaran, boti la matanga la mabwato awiri olumikizana, yogwirapo kale ntchito kuti azipikisana nayo. Pa Facebook aona Hobie 16 ndi Formula 18 zikugulitsidwa ku South Africa, kwinaku mavidiyo a maboti othamanga m'mwamba mwa madzi awazunguza mutu. Akufunsa kuti: "Kodi Hobie si yachikale? Ndikuopa kutaya ndalama pa chinthu chotha fasho."

Achimwene, gulani Hobie 16. Koma poti ndalama ndi zanu, timasule bwino.

Musanafunse za liwiro, funsani kaye kuti malamulo a gulu la botilo amalola kusintha chiyani, chifukwa ndiwo amanena ngati boti lanu lidzakalamba msanga. Hobie 16 ili m'gulu lomwe amati one-design, kutanthauza kuti maboti onse ndi a muyeso umodzi. Hobie Alter anaitulutsa ku California cha mu 1970, ndipo mabwato ake awiri opindika ngati nthochi aja sanasinthe maonekedwe mpaka lero. Kutalika ndi mamita 5.04, m'lifupi 2.41, kulemera pafupifupi makilogalamu 145. Maboti oposa 100,000 a mtunduwu anapangidwa, choncho zipangizo zake sizisowa. Hobie ya zaka 20 yosamalidwa bwino, yovekedwa matanga atsopano, imalimbana ndi ya chaka chino.

Formula 18 ndi nkhani ina. Malamulo ake amangoika malire: kutalika mamita 5.52, m'lifupi 2.60, kulemera kosachepera makilogalamu 180, thanga lalikulu masikweyamita 17, spinnaker (thanga lopepuka la kutsogolo lomwe amatambasula poyenda motsatira mphepo) 21. M'kati mwa malirewo kampani iliyonse imajambula mmene ifunira. Hobie Tiger inalamulira gululi kwa zaka zingapo, kenaka kunabwera Capricorn, Nacra Infusion, Hobie Wild Cat ndi C2, iliyonse ndi kaumbidwe kake. Mukaona Formula 18 yakale pa mtengo wogwetsa, nthawi zambiri chifukwa chake n'chimenechi: boti ndi lamoyo ndithu, koma anzake analisiya m'mbuyo. Gulu la A-Class ndiye lomasuka koposa. Limangoti mamita 5.49, m'lifupi 2.3, thanga masikweyamita 13.94, kulemera kosachepera makilogalamu 75. Koma ndi la munthu mmodzi, ndiye mng'ono wanuyo azikatsala pagombe.

Pomwe pasintha kwambiri pa zaka 50 zapitazi ndi pa mphuno. Mphepo ikamakankha thanga kuchokera m'mbali chakumbuyo, mphamvu yake imagwira pamwamba pa mlongoti pomwe madzi akugwira boti pansi, ndiye boti limafuna kugwa chafufumimba. Chomwe chimakana ndi mpweya uli m'mphuno ya bwato la kumunsi kwa mphepo. Mphuno za Hobie 16 ndi zoonda, ndipo pamwamba pake pali mlomo wotambalala. Mphunoyo ikamira, mlomo uja umagwira madzi ngati fosholo, boti n'kuima mwadzidzidzi, matako m'mwamba, amene anali pa trapeze (waya wolendewerapo kunja kwa boti) n'kuuluka kuzungulira waya wa kutsogolo. Amalinyero amati pitchpole, ndipo ndi matenda odziwika a Hobie 16. Mankhwala ake alipo: nonse awiri sunthirani kumbuyo mpaka pa mtanda wakumbuyo wolumikiza mabwato awiriwo, mlongoti muupendeketse chakumbuyo pomanga, ndipo mphepo ikaomba mwamphamvu masulani jib, thanga laling'ono la kutsogolo, msanga musanayambe kulimbana ndi chiwongolero.

Ojambula a m'mbuyo muno anathana ndi vutoli mwa njira ina. Anaika kukula kwa bwato m'munsi, pafupi ndi madzi, pamwamba n'kupapanikiza kuti pakhale pozungulira. Mphuno yotere imaboola funde n'kutulukira kutsidya m'malo moima. Anawonjezanso matabwa aatali otsikira m'madzi, ma daggerboard, omwe amaletsa boti kutsetserekera m'mbali polimbana ndi mphepo, ndiponso thanga lotambalala kumutu kuti ligwire mphepo ya m'mwamba. Ngakhale Tornado, catamaran yomwe Rodney March anajambula mu 1967, yomwe inali pa Olympics kuyambira 1976 mpaka 2008, inadzapatsidwa spinnaker ndi trapeze yachiwiri itadutsa mipikisano ya Sydney ya 2000.

Kenaka matabwa aja anayamba kupindidwa kuti azinyamulako boti, mapeto ake anasanduka mapiko a pansi pa madzi. Anthu ambiri anaziona koyamba pa mpikisano wa America's Cup wa 2013 ku San Francisco. Nacra 17 inalowa Olympics ku Rio mu 2016 ili ndi matabwa opindika chabe, koma pofika ku Tokyo inali ikuuluka. A-Class nayo inachita kugawika pawiri, Classic ya osauluka ndi Open ya ouluka, kuti eni maboti osauluka asathawe. Mavidiyo amene akukusowetsani tulowo ndi a maboti amenewa, ndipo akukomadi kuonera. Tsono ganizani phiko la kaboni likukoka ukonde wa asodzi kapena kugunda mwala pa liwiro lotero. Kulikonza kumafuna mmisiri wa kaboni, ndipo latsopano mudzachita kuitanitsa kunja ndi ndalama zakunja.

Nyanja yathu ili ndi khalidwe lake. Mwera umaomba kuchokera kumwera chakum'mawa m'miyezi yozizira, makamaka June mpaka August, ndipo umadzutsa mafunde aafupiafupi, oima chilili. Mpikisano waukulu wa matanga pa Nyanja ya Malawi umachitika nyengo yomweyi, kuchokera chakumwera kulowera kumpoto kwa masiku angapo, tsiku lililonse n'kukocheza pa mchenga. Apa ndi pomwe Hobie 16 ili kwawo. Ilibe ma daggerboard. Mbali yakunja ya bwato lililonse ndi yophwatalala, ndipo ndiyo imagwira ntchito ya thabwa. Ziwongolero zake zimadzuka zokha zikagunda pansi. Mumangolowa nayo pagombe ndi liwiro, n'kutsika. Dart 18 nayo ilibe matabwa, ndipo ndi boti labwino, koma yambani mwafunsa ngati alipo anzanu amene ali nayo. Mitundu yosiyana ikapikisana amachita kuwerengera nthawi ndi handicap, zomwe sizikoma ngati kuona mnzako ali pambali pako ndi boti lofanana ndi lako.

Chilungamo n'chakuti Formula 18 ndi yothamanga koposa, imakwera mphepo bwino, ndipo makilogalamu 150 anuwo ndi oyenera kwambiri pamenepo. Pa Hobie 16 malamulo amafuna osachepera 129.3, kotero mphepo ikachepa opepuka azikupitani pang'ono, koma mwera ukakwiya mudzaseka ndinu. Chotiletsa kukuuzani Formula 18 ndi mtunda. Kuchokera ku Bvumbwe kudzera ku Limbe, Zomba ndi Liwonde mpaka ku Mangochi ndi makilomita oposa 200. Munthu wofika kunyanja kamodzi pa mwezi sazolowera msanga spinnaker ya masikweyamita 21, ndipo kukoka makilogalamu 180 pa mchenga wotentha anthu awiri okha si masewera.

Pogula Hobie yakale, dinikizani ndi chikhatho pamwamba pa bwato lililonse, makamaka kutsogolo kwa mzati umene umanyamula mtanda wakutsogolo. Pakafewa kapena kulira, faibagalasi yalekana ndi thovu la m'kati. Kachigawo kakang'ono amabaya timabowo n'kuthira guluu wa epoxy, koma pakafewa dera lalikulu musagule, chifukwa mphuno imatha kuthyokera pomwepo. Gadabuzani muone kunsi ngati mchenga unapala mpaka ulusi kuonekera. Tsegulani zotsekera za kumbuyo, mupendeketse: madzi ochuluka akatuluka, pali pochucha. Nyamulani mphuno imodzi, inzake ikatsalira pansi kwambiri ndiye kuti mitanda yagwedera. Mlongoti ukhale woongoka ndi wosalowa madzi, apo ayi boti likagwa limatembenukiratu mlongoti pansi, ndipo kulidzutsa kumavuta. Mawaya ogwira mlongoti sinthani onse ngati mwini wake sakudziwa zaka zake, pakuti amadukira m'kati mwa pofinyira pomwe diso silifika. Gulaninso ma cam awiri apadera, tizipangizo ta pulasitiki tomwe timagwira ziwongolero kuti zikhale m'madzi. Akatha, chiwongolero chimadzuka chokha pakati pa liwiro.

Ngati boti muzibwera nalo kuno kumudzi, kumbukirani chiperoni. Matanga opindidwa ali onyowa amachita nkhungu masiku ochepa. Ayanikeni aume, masulani ma batten (timitengo tolimbitsa thanga), muwakulunge osati kupinda, muwaike m'nyumba pa thandala kuti makoswe asawapeze. Trampoline, chinsalu chokhalapo cha pakati pa mabwato, ifundikeni ku dzuwa, zotsekera za kumbuyo muzisiye zotsegula, mphuno zili m'mwamba pang'ono kuti madzi azituluka okha.