Funsani Tikuyankheni: Mfumu Henry VIII Akanafedwa Mkazi, Mpando Ukanagwera Yani?

FUNSO: Akonzi, ndine bambo wochokera ku Dedza, ndipo ndimasoka zovala kuno ku Rosettenville, mu mzinda wa Johannesburg. Chimwalirireni Mfumu Goodwill Zwelithini ya Azulu mu 2021, nkhani ya wolowa ufumu wake inavuta mpaka kukafika kumakhoti, ndipo ife Amalawi timaikambirana kawirikawiri tikaweruka kutchalitchi. Mnzanga wina wa mpingo wa Anglican anati zoterezi si za mafumu a mu Africa okha, popeza Mfumu Henry VIII ya ku England inakwatira akazi 6 pofuna mwana wamwamuna, ndipo mpingo wa kumeneko unachoka m'manja mwa Papa chifukwa cha nkhaniyo. Kodi mkazi woyamba wa Henry akanamwalira msanga, mfumuyo n'kukwatiranso mwadongosolo la mpingo, dziko la England likanakhalabe la Chikatolika? Nanga mpando ukanagwera yani?
Wowerenga, Rosettenville

YANKHO: Zikomo bambo chifukwa cha funso lanu. Mnzanuyo sananame, koma kuti tiyankhe bwino tiyenera kuyamba ndi zimene zinachitikadi tisanalowe m'zongoganizira.

Catherine wa ku Aragon, mkazi woyamba wa Henry komanso mwana wa Mfumu Ferdinand ndi Mfumukazi Isabella a ku Spain, anayamba wakwatiwa ndi Arthur, mkulu wake wa Henry, mu Novembala 1501, koma Arthur anamwalira mu Epulo 1502. Henry atalowa ufumu mu 1509 analowa chokolo kwa mlamu wakeyo, ndipo popeza malamulo a mpingo ankaletsa ukwati woterewu, anadalira chilolezo chapadera chimene Papa Julius II anali atapereka kale. Catherine anakhala ndi pakati kangapo, koma mwana wamwamuna amene anabadwa pa 1 Januwale 1511 anangokhala milungu 7 n'kumwalira, ndipo mwa ana onse anakula ndi Mary yekha, wobadwa mu 1516. Pofika 1525 mayiyu anali atayandikira zaka 40, ndipo aliyense kunyumba yachifumu ankadziwa kuti kubereka wasiya.

Anthu ambiri amaona Henry ngati munthu wongotengeka ndi akazi, ndipo nkhanza zake palibe angazibise, koma mantha ake anali ndi maziko. Bambo ake, Henry VII, anatenga ufumu pa nkhondo ya ku Bosworth mu 1485, patatha zaka zambiri mabanja a York ndi Lancaster akuphana polimbirana mpando, choncho banja lawo la Tudor linali lisanazike mizu. Komanso m'mbiri ya England mkazi amene anayesapo kutenga mpando mwa iye yekha anali Matilda, m'zaka za m'ma 1100, ndipo chimene chinatsatira ndi nkhondo yapachiweniweni. Henry anagwira lemba la Levitiko 20:21, limene limati wotenga mkazi wa m'bale wake adzakhala wopanda ana, pamene a mbali ya Catherine ankamuyankha ndi Deuteronomo 25:5, limene limalamula munthu kutenga mkazi wa m'bale wake amene wamwalira wopanda mwana. Catherine mwiniwake analumbira mpaka imfa yake kuti iye ndi Arthur sanakhalepo malo amodzi.

Sikuti apapa sankathetsa maukwati a mafumu. Mu 1498 Papa Alexander VI anamasula Louis XII wa ku France kwa mkazi wake Joan kuti akwatire Anne wa ku Brittany, ndipo mu 1527 Papa Clement VII, yemweyo amene anakanira Henry, anathetsa ukwati wachiwiri wa Margaret, mlongo wake wa Henry. Chimene chinatsekereza Henry ndi chakuti Catherine anali mayi ake aang'ono a Charles V, wolamulira wamphamvu kuposa onse ku Ulaya pa nthawiyo, ndipo mu Meyi 1527 asilikali a Charles anaphwasula mzinda wa Roma, Papa n'kuthawira m'linga la Castel Sant'Angelo. Munthu amene ali m'manja mwa mwana sangayerekeze kulengeza kuti mayi ake a mwanayo akhala zaka 18 mu ukwati wabodza. Papa anangozengereza chaka ndi chaka mpaka zinthu zinafika pa mwana wakana phala: Henry anakwatira Anne Boleyn mu Januwale 1533, Archbishop Thomas Cranmer anathetsa ukwati woyamba mu Meyi, ndipo mu 1534 nyumba ya malamulo inalengeza kuti mutu wa mpingo ku England ndi mfumu.

Tsopano tiyerekeze kuti Catherine wamwalira mu 1528, chaka chimene matenda a thukuta anapha anthu ambiri ku England, Anne Boleyn nayenso n'kudwala koma n'kuchira. Maganizo anga ndi akuti Henry sakanachoka kwa Papa m'moyo wake wonse. Munthuyu sankagwirizana ndi Martin Luther, moti mu 1521 Papa Leo X anamupatsa dzina laulemu loti mtetezi wa chikhulupiriro chifukwa cha buku limene analemba potsutsa Luther, ndipo ngakhale atadziika kukhala mutu wa mpingo anasungabe Misa ndipo ankaletsa ansembe kukwatira. Mwamuna wofedwa amakhala womasuka kukwatiranso. Chopinga chimodzi chimene chinalipo, chakuti Henry anali atayendapo ndi Mary Boleyn, m'bale wake wa Anne, Papa Clement anali atavomera kale kuchichotsa ngati ukwati woyamba utapezeka kuti palibe. Anne akanalowa m'nyumba yachifumu mwaulemu, Thomas More ndi Bishopu John Fisher, amene anakana kuvomereza kuti mfumu ndi mutu wa mpingo, sakanadulidwa mitu mu 1535, ndipo Charles V sakanakhala ndi chifukwa chodana ndi mkazi watsopanoyo.

Komabe sindinganene kuti dziko likanakhala la Chikatolika mpaka kalekale. Chipangano Chatsopano chimene William Tyndale anamasulira m'Chingelezi chinayamba kulowa mozembetsa mu 1526, amalonda a ku London ankachiwerenga mobisa, ndipo Anne mwiniwake ankakonda mabuku a okonzanso mpingo. Chuma cha nyumba za amonke, chimene Henry analanda pakati pa 1536 ndi 1540, chikanakopabe mfumu iliyonse yosowa ndalama za nkhondo. Chimene ndikuona n'chakuti England akanafanana ndi France, kumene mfumu inagwirizana ndi Papa mu 1516 kuti izisankha yokha mabishopu koma dziko n'kukhalabe pansi pa Roma, ndipo Apulotesitanti akanakhala gulu lochepa lozunzidwa. Zimenezi zikanakhudzanso ife. Apulotesitanti a ku Scotland anapambana mu 1560 mothandizidwa ndi zombo ndi asilikali amene Mfumukazi Elizabeth anatumiza, ndipo mipingo ya ku Scotland ndi imene inadzatsegula mishoni ya Livingstonia mu 1875 ndi ya Blantyre mu 1876, pamene amishoni a Anglican anali atafika kale ku Magomero mu 1861. Popanda England wa Chipulotesitanti, mbiri ya mipingo ndi sukulu za ku Malawi ikanayenda njira ina.

Nkhani ya mpando ndiye yovuta kwambiri, chifukwa kukwatiranso sikulonjeza mwana wamwamuna. Louis XII uja, Papa atamumasula, anakuza ana aakazi okhaokha, ndipo atakwatira kachitatu mu 1514 anamwalira pasanathe miyezi 3, mpando n'kupita kwa Francis I. Anne Boleyn anabereka Elizabeth mu Sepitembala 1533, ndipo mu Januwale 1536 anapita padera mwana amene ankaoneka kuti ndi wamwamuna. Akanakwatiwa mu 1529 akanakhala ndi zaka zina 4 zoberekera, opanda mantha akuti theka la Ulaya likumutcha mkazi wachibwenzi, choncho mwayi wa mwana wamwamuna ukanakula, koma ukanakhalabe mwayi chabe.

Amene moyo wake ukanasinthiratu ndi Mary, ndipo pamenepa m'pamene ine nkhaniyi imandikhudza. Ukwati wa mayi ake utathetsedwa, Mary anasanduka mwana wapathengo pamaso pa lamulo, anatumizidwa kukakhala m'nyumba ya Elizabeth ali khanda ngati mmodzi wa omutumikira, ndipo sanaloledwe kukaona mayi ake mpaka mayiwo anamwalira mu Januwale 1536. Mafumu akunja sakanathamangira kufunsira mtsikana amene udindo wake unali wokayikitsa, moti anadzakwatiwa ndi Philip wa ku Spain mu 1554 ali ndi zaka 38, ndipo anamwalira mu 1558 wopanda mwana. Mayi ake akanamwalira akadali mfumukazi, Mary akanakhalabe mwana wovomerezeka, akanakwatiwa ali mtsikana, ndipo n'kutheka kuti akanabereka. Anne akanalephera kubereka mwana wamwamuna, mpando ukanagwera Mary ndi ana ake. Ndikuona kuti njira imeneyi ndi imene ikanachitika mosavuta kuposa zonse, ngakhale kuti Angelezi akanadandaula ndi mkamwini wachilendo monga anachitiradi mu 1554.

Inu a ku Dedza mukudziwa kuti kwathu kwa Achewa ufumu sudikira mwana wa mfumu, koma umatuluka m'mbumba, ndipo kawirikawiri amalowa ndi mwana wa mlongo wake wa mfumu. Lamulo la England silinali lotero, koma mapeto ake anafanana ndi zimenezi. Ana onse a Henry amene analamulira, Edward, Mary ndi Elizabeth, anamwalira opanda mwana, ndipo mu 1603 mpando unapita kwa James VI wa ku Scotland, wochokera kwa Margaret, mlongo uja amene Henry anadumpha mbumba yake m'chikalata chake cha masiye. James anachokera kwa Margaret mbali zonse ziwiri. Ukwati woyamba wa Margaret, ndi James IV mu 1503, unabala James V, bambo ake a Mary Mfumukazi ya Scotland. Mwamuna wakeyo ataphedwa pa nkhondo ya ku Flodden mu 1513, Margaret anakwatiwanso mu 1514 ndi Archibald Douglas, ndipo ngakhale kuti ukwatiwu unamuchotsera udindo wolamulira m'malo mwa mwana wake wamng'ono, unabala Margaret Douglas, mayi ake a Lord Darnley. Darnley anakwatira msuweni wake Mary wa ku Scotland uja mu 1565, ndipo James anabadwa mu 1566. Choncho bambo, mukakakumananso ndi mnzanuyo mumuuze kuti kukwatiwanso kumene kunathandizadi kupeza wolowa ufumu wa England kunali kwa mayi wamasiye Margaret.

FUNSO: Ndine mayi wogulitsa ndiwo zamasamba ku Yeoville, ndipo mwana wanga akuphunzira mbiri ya ku Ulaya. Iye akuti mkazi womaliza wa Henry VIII anakwatiwanso mfumuyo itamwalira n'kubereka mwana. Kodi mwanayo anali ndi gawo pa ufumu? Nanga akanabereka ndi Henry, zikanatha bwanji?
Wowerenga, Yeoville

YANKHO: Mayi, mwana wanuyo wanena zoona. Catherine Parr anakwatiwa ndi Henry mu Julaye 1543 atafedwa kale amuna awiri, ndipo Henry atamwalira pa 28 Januwale 1547 sipanapite miyezi yambiri asanakwatiwe ndi Thomas Seymour, malume ake a mfumu yatsopano Edward VI. Anthu ena kunyumba yachifumu anakhumudwa ndi kufulumirako, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chinali chakuti mkazi wamasiye wa mfumu akatenga pakati msanga, pamakhala kukayikira ngati mwanayo ndi wa malemu kapena wa mwamuna watsopano. Mwana wamkazi, Mary Seymour, anabadwa kumapeto kwa Ogasiti 1548, patatha chaka ndi theka Henry atamwalira, choncho analibe gawo lililonse pa mpando, popeza ufumu unkayenda m'magazi a Henry osati a mkazi wake. Catherine anamwalira patangopita masiku ochepa atabereka.

Akanabereka mwana wamwamuna ndi Henry, lamulo linali litamukonzera kale malo. Lamulo la kalowedwe ka ufumu la mu 1544 linaika Edward patsogolo, kenako ana amene Henry akanabereka ndi Catherine Parr, ndipo Mary ndi Elizabeth ankabwera pambuyo pawo. Edward anamwalira mu Julaye 1553 ali ndi zaka 15, choncho mng'ono wake wobadwa cha m'ma 1545 akanalowa ufumu ali ndi zaka 8. Pakanakhala palibe chifukwa chokankhira Jane Grey, mdzukulu wa mlongo wina wa Henry, pampando kuti atsekereze Mary, ndipo mtsikanayo sakanaphedwa mu 1554. Mary sakanabwezeretsa dziko kwa Papa, ndipo Apulotesitanti pafupifupi 280 amene anatenthedwa mu ulamuliro wake akanapulumuka.

Vuto likanakhala la womulamulirira mwanayo. Catherine anali ataonetsa kale kuti angathe, chifukwa mu 1544 Henry atapita kunkhondo ku France anamusiyira dziko kwa miyezi ingapo, ndipo iye ankasaina malamulo ndi kuyang'anira ndalama ndi zida za nkhondo. Komabe m'chikalata chake cha masiye Henry sanamupatse udindo umenewu, koma anasankha amuna 16 oti alamulire m'malo mwa Edward, ndipo amuna amenewa anayamba kudyana okhaokha mpaka Thomas Seymour anadulidwa mutu mu 1549 ndipo mkulu wake Edward Seymour mu 1552. Mfumu yachiwiri yamwana ikanatalikitsa mikangano imeneyi ndi zaka zina 10, ndipo Elizabeth, amene Catherine anamulera m'nyumba mwake, akanakhala mlongo wa mfumu chabe, woyembekezera kuti akuluakulu a bwalo amusankhire mwamuna.