Mawu ako uwanene matenda asanayambe

Agogo,

Ndine mtsikana wa zaka 22, ndili ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, ndipo ndi poyamba. Amuna anga amagwira ntchito ku Lilongwe, ine ndili kumudzi ndi apongozi. Mnzanga wa m'tauni akuti ndilembe papepala zimene ndikufuna kuti zidzachitike kuchipatala tsiku lochira: wodzandidikirira, zochita ndi mwana akangobadwa, ndi zina zotero. Apongozi akuti amenewo ndi malodza, munthu sakonzekera mwana amene sanamuone, ngakhale kachipewa sagula. Akutinso gadiyani wanga ndi iwowo, ndipo mankhwala ofulumizitsa matenda anasunga kale. Kuwayankha ndikuopa, komanso ndikuopa kuti anamwino adzandiona ngati wamwano. Nditani?

Mdzukulu wanga,

Apongozi akowo usawaone ngati mdani. Mwambo wosatchula za mwana asanabadwe unachokera m'misozi. Ife tinakula tikuona amayi akubwera kudambo manja ali zii, ndipo kunyumba kukapezeka kamalaya kogula kale, mtima wa mayi unkasweka kawiri. Tsono akuluakulu anati bola kusagula, bola kusatchula. Chinali chifundo chimenecho, ndipo ndimachilemekeza.

Koma kukhala chete kumeneko kunanditengera mng'ono wanga, wobadwa naye bere limodzi. Matenda anamuyamba Lachitatu madzulo. Kunacha, kunada, kunachanso, ntchembere zili naye m'nyumba, zikumuumiriza kuti aulule mwamuna amene anayenda naye, poti ankati mwana akamachedwa ndiye kuti wina sanayende bwino. Mwana wa amayi analibe choulula. Mwana anali atagona mopingasa basi, nkhani imene dokotala akanaithetsa tsiku lomwelo. Pamene anthu anagwirizana zopita kuchipatala, panalibe wolamula, chifukwa amalume, eni mbumba, anali kumaliro kutsidya la mtsinje. Anawatumira mnyamata. Ngolo inabwera, koma sinafike naye wamoyo. Palibe amene ankamuda. Kungoti chilichonse chinkaganizidwa usiku, ndi anthu amantha, chifukwa masana palibe anafuna kuchitchula.

N'chifukwa chake ndikuti mnzakoyo wanena zoona. Kaya ulemba papepala kaya ayi, zonse zikambidwe tsopano, iwe ukadali ndi mphamvu zoyankhula. Matenda akafika pachimake munthu sutha kutsutsana ndi aliyense.

Yamba ndi malo. Ukapita kusikelo yotsatira, funsa anamwino mosabisa: ine ndikachirire kuti? Pachipatala chaching'ono pali azamba odziwa ntchito, koma palibe chipinda cha opareshoni. Akaona kuti mwana sanagone bwino, kapena ndi mapasa, kapena magazi ako akuthamanga kwambiri, amakutumiza kuchipatala cha boma chachikulu, ndipo ndi bwino udziwe lero kusiyana n'kudzamva uli pabedi ambulansi ilibe mafuta. Ngati chapafupi ndi cha mishoni, funsa ngati amayi oyembekezera amalipira, pakuti zina zili ndi mgwirizano ndi boma, zina ayi. Tsiku limene analemba m'buku lako ndi loyerekeza, mwana atha kubwera milungu iwiri lisanakwane. Ngati kwanu n'kutali, kapena pali mtsinje wodzaza nthawi ya dzinja, mwezi wachisanu ndi chinayi ukangolowa nyamuka ukakhale kuchidikiro. Nyumba zimenezi zinachuluka kuyambira 2012, pamene mayi Joyce Banda anakhazikitsa ntchito ya uchembere wabwino, ndipo mafumu ngati Inkosi Kwataine ya ku Ntcheu anaima nji kuti mayi asachirirenso pakhomo. Ndi malo ako amenewo, usachite nawo manyazi.

Amuna ako pano ndiye pali ntchito yawo. Atumize ndalama ya mayendedwe, isungidwe payokha, isakhudzidwe ngakhale ndiwo zitasowa. Apangane ndi wagalimoto kapena wanjinga yamoto amene angadzuke pakati pa usiku, nambala yake ikhale m'foni mwako ndiponso pachikuto cha buku lako la kuchipatala. Ndipo anene pamaso pa amayi awo ndi ankhoswe kuti, "Matenda akayamba, kapena akaona chachilendo chilichonse, musandidikire, musadikire aliyense, pitani." Chilolezo chiperekedwe lero. Ukaona magazi, mutu waukulu wosamva mankhwala, kutupa nkhope ndi manja, kuona zidima, thupi kutentha, nsupa kusweka matenda asanayambe, kapena mwana kusiya kusewera m'mimba, imeneyo si nkhani yoitanira msonkhano wa pabanja.

Za katundu, pali njira yosakhumudwitsa apongozi. Usamutche katundu wa mwana, umutche katundu wa kuchipatala, pakuti ndi anamwino amene amamufuna. Zitenje zingapo zochapa bwino ndi kusita, pepala lapulasitiki loyala pabedi, beseni, sopo, lumo latsopano losatsegula, ulusi, tochi, kapu ndi mbale, kachipewa ndi timasokosi. Zipatala zimasiyana, ndiye funsa zimene chako chimafuna. Uike zonse mu ndowa, uvundikire, ikhale pakona kapena kwa amayi ako. Palibe amene waonetsa, palibe chimene watchula, koma tsikulo ungonyamula.

Tsopano nkhani imene yandikhudza kwambiri m'kalata yako, ya gadiyani ndi mankhwalawo. Mankhwala achikuda amenewo, mwanamphepo, ndikumudziwa, ndinamwetsedwapo. Anthu amamukonda chifukwa amagwiradi ntchito: amachititsa chiberekero kufinya mwamphamvu. Vuto lake ndi lomwelo. Njira ya mwana imatseguka pang'onopang'ono mpaka masentimita khumi, ndipo kwa woyamba ngati iwe zimatha kutenga usiku wonse ndi kupitirira. Chiberekero chikamafinya mopanda kupuma njira isanatseguke, mwana amabanika, ndipo chiberekerocho chitha kung'ambika, mayi n'kutaya magazi m'kati osaoneka. Kuchipatala nakonso ali ndi mankhwala ofulumizitsa, koma iwo amayeza mlingo, amamvetsera mtima wa mwana, ndipo akaona zoipa amatseka diripi. Wa m'botolo la m'chikwama palibe amene angamutseke ukameza. Choipitsitsa n'chakuti amaperekedwa mobisa, m'phala kapena mu tiyi, anamwino n'kumadabwa kuti chavuta n'chiyani. Pamenepa, mdzukulu wanga, sindikupatsa mpata wosankha: usamwe. Ngati wina wakumwetsa usakudziwa ndipo wazindikira pambuyo pake, uza anamwino nthawi yomweyo, ngakhale ukuopa kukalipidwa.

Koma si iwe wokauza apongozi kuti mankhwala awo ndi oipa. Mtengwa sayankha apongozi chotero, ndipo ukatero mudzadana mpaka mwana atakula. Mwana wawo ndi amene ayankhule, poti kwa iye amva. Chachiwiri, uwapemphe mwaulemu akuperekeze kusikelo, uwauze kuti, "Amayi, zina amanena kumeneko ine sindizimvetsa, tiyeni mukandimvere." Kumeneko funsa anamwino za mankhwala achikuda iwo ali pompo. Mawu omwewo akatuluka pakamwa pa namwino salasa ngati atuluka pakamwa pa mtengwa. Amayi ambiri a msinkhu wawo anachirira kwa azamba a m'mudzi boma lisanaletse mu 2007, ndipo palibe anawakhazikapo pansi kuwafotokozera chifukwa chake. Anangomva zoti ukachirira pakhomo ulipira mbuzi kwa amfumu.

Udindo usawalande. Gadiyani atha kukhala awiri. Apongozi agwire za moto, phala, madzi osamba, kulandira abale ndi kutumiza uthenga, ndipo ndi ulemu waukulu umenewo. Koma pafupi nawe pakhale munthu amene sumuchitira manyazi, amene ungalire pamaso pake, kaya amayi ako, kaya achemwali ako. Akhale wa maso, wosaopa kugogoda pachitseko cha anamwino kunena kuti, "Pepani, mwana wanga akutaya magazi." Iyeyo umuuze zonse zimene ukufuna, chifukwa pakamwa pako tsikulo ndi iye. Funsiratu ngati chipatalacho chimalola gadiyani kulowa m'chipinda chochirira. Malo ambiri amuna salowa chifukwa m'chipinda chimodzi mumakhala amayi angapo, choncho amuna ako asadzakwiye akadzauzidwa kudikira panja. Akhale pafupi, foni ili yoyaka, ndipo akhale okonzeka kupereka magazi akafunika.

Zoti anamwino adzakuona wamwano, zimatengera kanenedwe. Kumbukira kuti nthawi zambiri mzamba mmodzi amayang'anira amayi ambiri usiku umodzi, wosagona, mwina wosadya. Ukamupatsa masamba atatu sawerenga. Lemba mizere yochepa, uike m'buku lako la kuchipatala, ndipo uyambe ndi zimene zingakupulumutse: mankhwala amene umamwa, amene thupi lako limadana nawo, matenda amene uli nawo, dzina la gadiyani ndi nambala ya amuna ako. Kenako zopempha zako: kuti azikuuza asanakuyeze ndi zimene apeza, kuti akutchinge ndi chitenje, kuti uziyendayenda ndi kumwa madzi kapena phala ngati palibe choletsa, kuti ngati pafunika kukucheka pang'ono ponjira kapena kukusoka akufotokozere ndi kukubaya wochititsa dzanzi. Ukapereka moni, n'kunena kuti, "Anamwino, ndi poyamba, ndikuopa, chonde muzindiuza zimene zikuchitika," ndi ochepa amene angakuyankhe moipa. Safunsa anadya phula. Wina akakutukwana kapena kukumenya, si mwambo umenewo ndipo si lamulo. M'zipatala za boma muli ofesi ya ombudsman yolandira madandaulo, gadiyani wako akadziwe pamene ili.

Anamkungwi anakuuza kuti mkazi weniweni salira pochira. Ine ndabereka asanu ndi awiri ndipo ndikuti buula, palibe mwana amene anafa chifukwa mayi wake anabuula. Chimene uyenera kusunga ndi makutu: usakankhe asanakuuze, ndipo akati kankha, kankha ndi mphamvu zako zonse.

Ukonzekerenso mumtima kuti zitha kusintha. Dokotala akati pafunika opareshoni, funsa chifukwa chake, umve, usaine. Thupi ndi lako, siginecha ndi yako, safunika kudikira amalume. Kuchira ndi mpeni si ulesi ndipo si chilango cha chigololo. Amayi amene amapita ku Bwaila ku Lilongwe kukasokedwa fistula, mkodzo ukungotuluka wosaleka, ambiri ndi amene anakhala masiku mwana atakakamira panjira, anthu akuti apirire.

Mwana akabadwa, pempha amupukute n'kumugoneka pachifuwa pako, khungu kukhungu, mufundidwe chitenje chouma, kachipewa kumutu. Ayamwe ola loyamba lisanathe. Mkaka woyamba wachikasu uja ife tinkauzidwa kuti ndi woipa, tinkaufinyira pansi, ndipo ndikaganiza mtima umandiwawa, chifukwa ndi umene umateteza mwana kumatenda ndi kutsuka m'mimba mwake. Kuyamwa kwakeko kumathandizanso chiberekero chako kubwerera, pamodzi ndi jakisoni amene adzakubaye pantchafu kuti usataye magazi ambiri nsengwa ikamatuluka. Gadiyani asathamangire kumusambitsa, padutse tsiku lathunthu, poti khanda limazizidwa msanga ndipo zoyera za pakhungu lake si litsiro. Asamwetsedwe madzi, kaya a shuga kaya a mitsitsi. Bere lokha mwakathithi miyezi isanu ndi umodzi. Pamchombo pasapite phulusa, mwaye, ndowe kapena mafuta. Ngati achipatala akupatsa mankhwala opaka, paka amenewo okha, ndipo asadonthere m'maso mwa mwana. Musanatuluke alandire katemera wa BCG ndi madontho a poliyo, ndipo funsa za kalembera wa chiphaso chake chobadwira.

Akabadwa wochepa thupi kapena masiku asanakwane, usataye mtima. Adzakuphunzitsa kumumangirira pachifuwa usana ndi usiku, njira ija amati kangaru, imene inayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia ndipo kuno kwathu inayamba pachipatala chachikulu cha Zomba mu 1999. Apa apongozi ndi amuna ako atha kukulandira, chifuwa cha agogo nachonso chimafunda. Ndipo ngati unapezeka ndi kachilombo ka HIV, nyamula ma ARV ako, uza mzamba mwakachetechete, kuti mwana ayambe mankhwala ake omuteteza tsiku lomwelo. Ngati gadiyani sakudziwa ndipo sukufuna adziwe, nenanso zimenezo, anamwino amasunga chinsinsi.

Usakakamire kutuluka msanga chifukwa choti kunyumba kulibe wophika. Tsiku loyamba ndi limene magazi amapha amayi, khala maola 24 akuyang'anire. Ukaona nsalu ikunyowa msangamsanga, kapena chizungulire, itana. Ukafika kunyumba, chikuta sunga, ndi mwambo wabwino: umapumitsa mayi, umachepetsa manja ogwira khanda. Apongozi akuphikire, akutenthetsere madzi, akulamule kugona. Koma mugwirizane kuti chikuta sichitsekera munthu kuchipatala. Mwana akakana bere, akatentha kapena kuzizira, akamapuma mothamanga, akachita chikasu, mchombo ukafiira kapena kutuluka mafinya, mutuluke naye ngakhale mchombo usanagwe. Masiku obwerera kukaonedwa adzakulembera m'buku, limodzi la masiku oyambirira, lina pa milungu isanu ndi umodzi pamene mwana amayamba akatemera ena, ndipo pamenepo ukambe nawo za kulera.

Pakakhala funso usiku ndipo sukudziwa wofunsa, imba Chipatala Cha Pa Foni pa 929, amayankha ndi achipatala. Amuna ako uwaimbire lero lomwe, uwawerengere kalata ino, kuti ayankhule ndi amayi awo tsiku la sikelo lisanafike.

Ndine agogo ako.