Funsani Amisiri: Kumanga ndi Kupenta Kasinja wa Tiger I

Ndagula kasinja wapulasitiki womanga wekha, Tiger I wa muyeso wa 1/16. Ndimange yense kaye kenako ndipente, kapena ndizipenta chidutswa chilichonse ndisanamate? Wowerenga wa ku Johannesburg

Musammange yense. Tiger weniweni, kasinja wa Germany wa pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, anali wotalika mamita 8.45 kuphatikizapo mzinga wake, choncho wanuyo, yemwe ndi wochepa ka 16, akwana masentimita pafupifupi 53. Pa kukula koteroko kachilema kalikonse kamaonekera patali. Mmangeni m'magawo: thupi palokha, mutu wa mzinga pawokha, mawilo ndi matcheni pawokha.

Pamawilo ndi pamene ambiri amagwa nayo. Mawilo a Tiger ndi olowanalowana, ndipo akasinja oyambirira anali nawo 24 mbali iliyonse. Mukawamata musanapente, bulashi sifikanso kumbuyo kwake. Asomekeni patimitengo, muwapente limodzilimodzi, mphira wam'mbali mumpake wotuwa moderapo, osati wakuda bii. Tcheni lililonse limakhala ndi mfundo pafupifupi 96, koma werengani zomwe pepala lamalangizo lanena.

Guluu wa pulasitiki, monga Tamiya Extra Thin, amagwira posungunula pulasitikiyo pang'ono, ndiye pa penti sagwira. Palani penti pamalo olumikizirapo. Zidutswa zachitsulo zimafuna supaguluu. Ngati mzinga uli wa mbali ziwiri, umateni, uusiye tsiku lathunthu, kenako mukhule msokowo ndi sandipepa wa nambala 400, 600, mumalize ndi wosalala wa 1000. Muzikhula mozungulira, apo ayi mzingawo uphwatalala mbali imodzi. Musanapope penti woyamba, tsukani zonse ndi sopo wotsukira mbale kuti mafuta a m'manja achoke.

Ndimapopa ndi airbrush, kachipangizo kopopera penti ndi mphepo, koma penti akauma akumakhala wokhakhala. Nditapopa vanishi womalizira, kasinja yense wachita mbuu. Ndikulakwitsa pati? Wowerenga wa ku Blantyre

Awa ndi mavuto awiri osiyana. Kukhakhalako kukusonyeza kuti penti akuumira m'malere asanafike papulasitiki. Mwina ndi wolimba kwambiri, mwina mukupopera patali, mwinanso mphepo ya kompuresa yachuluka, ndipo kutentha kwa mu Okutobala kumangowonjezera vutolo. Penti wa Tamiya wa akiriliki msungunuleni ndi thina wake, X-20A, muyeso wofanana, mpaka aziyenda ngati mkaka. Kompuresa ikhale pakati pa 15 ndi 20 psi (muyeso wa mphamvu ya mphepo), airbrush italikire masentimita 10 mpaka 15. Popani mopyapyala katatu, mukudikira mphindi 15 musanabwereze. Kupopa kamodzi kokhuthala kumakwirira timisomali ndi misoko ya kuwotcherera, zomwe ndi ulemerero wonse wa kasinja wamkulu chonchi. Pomwe pakhakhala kale, khulani mopepuka ndi sandipepa wa 1000 wonyowa, mupopenso.

Mbuuyo nthawi zambiri ndi chinyezi, kapena vanishi wosanyezimira yemwe sanakhutchumulidwe mokwanira. M'dzinja musapope vanishi kukugwa mvula. Kasinjayo musamutaye mtima: popani vanishi wonyezimira mopyapyala, kuyerako kawirikawiri kumazimirira, ndipo wosanyezimirayo mudzabwereze tsiku louma.

Chonde thina wa penti wa magalimoto musamupake ndi bulashi papulasitiki. Amaidya, ndipo podyekapo sipabwereranso.

Tiger ndimpente mtundu wanji, ndipo ndingatani kuti aoneke kuti wagwira ntchito? Wowerenga wa ku Chipata

Yambani mwasankha chaka. Akasinja ambiri a Germany ankapentedwa wotuwa moderapo, womwe pa penti wa Tamiya ndi nambala XF-63, mpaka mu Febuluwale 1943, pomwe anasintha n'kuyamba wachikasu choderapo, XF-60. Mawanga obiriwira ndi ofiirira, XF-61 ndi XF-64, ankapakidwa ndi asilikali okha kubwalo la nkhondo, n'chifukwa chake sanali ofanana. Phala la mizeremizere lotchedwa Zimmerit linkapakidwa kuyambira chakumapeto kwa 1943 mpaka mu Seputembala 1944, choncho Tiger woyambirira sayenera kukhala nalo. Onani zithunzi za Tiger 131 wa kumalo osungirako akasinja akale ku Bovington, ku England, yemwe anagwidwa ku Tunisia mu Epulo 1943: thupi lake ndi losalala.

Timapepala tomata ta manambala ndi mitanda timateni pa vanishi wonyezimira. Pa penti wosanyezimira mpweya umatsalira pansi pake, m'mbali n'kumaoneka kuyera. Mukatero tengani penti wamafuta wofiirira moderapo, kakang'ono kokha, musungunule ndi thina wa penti wamafuta wotchedwa white spirit, wochuluka kakhumi, mudonthezere m'ming'alu ndi mozungulira misomali. Pakatha mphindi 20 pukutani wotsalayo ndi bulashi yonyowa pang'ono. Mikwingwirima idindeni ndi kachidutswa ka siponji, m'makona, pazivindikiro ndi pomwe asilikali ankaponda pokwera basi. Dzimbiri lichepe kwambiri, poti Tiger anapangidwa pakati pa 1942 ndi 1944 ndipo ambiri sanakhalitse kunkhondo. Fumbi ndi matope ndizo zichuluke, makamaka pamatcheni ndi kumbuyo kwa mawilo.